Zida zakale za umisiri: kuzichotsa dzimbiri ndi kuzibwezera pa ntchito

Wachinyamata akamaliza maphunziro a ukalipentala kapena umakaniko m'mayiko a kummwera ndi pakati pa Africa, amatuluka ndi satifiketi komanso luso m'manja, koma puleni, sowo ndi matchizulo zomwe ankaphunzirira zimatsala kusukulu kuti enanso adzaphunzirire. Ambiri amathera pa ganyu m'shedi ya mmisiri wina, komwe amalandira zochepa chifukwa zida ndi za mwini malo. Mabungwe oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, monga TEVETA ya ku Zambia yomwe lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 1998 ndi inzake ya ku Malawi ya mu 1999, athandiza kuti ophunzira achuluke. Funso la komwe wophunzirayo akapeze zida zoyambira ntchito yake limatsalira iye mwini ndi abale ake.

Zida zatsopano zolimba zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalama ya dziko ikagwa, monga momwe kwacha ya Malawi idatsitsidwira mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zidazo umakwera nthawi yomweyo. Zotsika mtengo zadzaza m'misika, ndipo zina mwa izo n'zabwino ndithu, koma zambiri zimabuntha msanga, kupindika kapena kuthyoka ntchito ili mkati. Pamene zinthu zili chonchi, m'magalaja, m'nyumba zosungiramo katundu ndi pamilu ya zitsulo zakutha pali zida zomwe zidapangidwa zaka 50 kapena 80 zapitazo, zomwe vuto lake ndi dzimbiri ndi kubuntha basi. Zambiri zimagulitsidwa pa sikelo kwa ogula zitsulo zokasungunula, pa mtengo wosafika ngakhale wa mpini wake.

Kumene zidachokera

Umisiri wa zitsulo si wachilendo m'chigawo chino. Kalekale azungu asanafike, anthu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi kasemasema, ndipo zotsalira za ng'anjozo zikuonekabe m'madera monga Kasungu ndi kumapiri a Nyika. Zida za ukalipentala wa matabwa zidabwera makamaka ndi amishoni. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu akomweko omwe ankaphunzira ntchitoyo akuigwira, ndipo sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, yomwe idayamba mu 1894, inkaphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga pamodzi ndi maphunziro a m'kalasi. Pambuyo pake migodi ya ku Copperbelt ndi ku Johannesburg, makampani a njanji, minda ya tiyi ndi fodya komanso nthambi za boma zoona za ntchito zidaitanitsa zida zambiri, makamaka kuchokera ku Britain.

N'chifukwa chake mayina a Stanley ndi Record ndi omwe amapezeka kawirikawiri pa mapuleni akale kuyambira ku Bulawayo mpaka ku Mzuzu. Puleni yachitsulo yodziwika bwinoyi adaikonza ndi Leonard Bailey wa ku America, ndipo kampani ya Stanley idagula ufulu woipanga mu 1869. M'zaka za m'ma 1930 kampani ya Record ya mumzinda wa Sheffield ku England idayamba kupanga mapuleni ofanana nawo kwambiri. Kufananaku kuli ndi phindu kwa mmisiri wa lero: mpeni wa puleni nambala 4 ndi wa nambala 5 ndi wofanana m'lifupi, mainchesi awiri kapena kuti mamilimita pafupifupi 50, ndipo wa Record umalowa mu Stanley. Mapuleni awiri owonongeka angathe kutulutsa imodzi yamoyo.

Njira ina idatseguka m'zaka za m'ma 1980, pamene mabungwe ongodzipereka a ku Ulaya adayamba kutolera zida zakale m'makomo, kuzikonza ndi kuzitumiza ku Africa. Ena mwa iwo ndi Tools for Self Reliance la ku Netley Marsh pafupi ndi Southampton, Tools with a Mission la ku Ipswich, Workaid la ku Chesham ndi Gered Gereedschap la ku Netherlands. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko omwe alandirapo zida ndi makina osokera kudzera m'mabungwe otere. Ntchitoyi yathandiza anthu ambiri, koma singakwanire aliyense, ndipo chida chobwera chonoledwa kale chimabunthanso pakangotha masiku ochepa chikugwira ntchito. Wochilandira akapanda kudziwa kuchinola yekha, chimabwerera pa mulu womwe chidachokera.

Choyenera kutola ndi choyenera kusiya

Si chida chilichonse chakale chomwe chili chabwino, ndipo ukale pawokha sulimbitsa chitsulo. Pogula pamsika monga Siyaso ku Mbare mumzinda wa Harare kapena wa Ndirande ku Blantyre, mmisiri wozindikira amayang'ana zinthu zingapo dzimbiri asanaliganizire n'komwe.

Choyamba ndi ming'alu. Thupi la puleni ndi la vayisi zambiri limapangidwa ndi chitsulo chothiridwa m'chikombole, chomwe n'cholimba koma sichipindika: chikagwa pa simenti chimasweka. Puleni imakonda kung'aluka m'mbali, moyandikana ndi kamwa lomwe mpeni umatulukira. Owotcherera angathe kulumikiza mng'aluwo, koma kutentha kumapotoza pansi pake, ndipo kawirikawiri puleni yotere imangoyenera kugulidwa chifukwa cha ziwalo zake. Chachiwiri ndi maenje. Dzimbiri la pamwamba, lofiira ngati katondo, limachoka mosavuta. Lomwe ladya chitsulo mpaka kusiya timaenje takuya kumsana kwa tchizulo kapena kwa mpeni wa puleni, pafupi ndi kukamwa, ndi loipa, chifukwa ponola timaenjeto timasanduka mipata m'mphepete modulira. Chachitatu ndi zosowa. Mpini wamtengo umasemedwa pakhomo, koma timabawuti ta mapuleni akale tili ndi mazinga achilendo omwe sapezeka m'sitolo.

Kuti adziwe ngati chitsulo chikadali cholimba, amisiri amachikwecha ndi tupa pangodya. Tupa ikamaterereka, chitsulocho n'cholimba. Ikamadya mosavuta ngati ikudya msomali, ndiye kuti chidacho chidapsa ndi moto kapena chidapangidwa ndi chitsulo chofewa kuyambira pachiyambi. Sowo amaiyang'ana m'litali mwake ngati mmene amayang'anira thabwa. Kupindika pang'ono kumawongoka, koma pomwe idapindidwa mwamphamvu mpaka kusiya mzere sipabwereranso bwino.

Kuchotsa dzimbiri

Dzimbiri limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo mchere umafulumizitsa ntchitoyo. Ichi n'chifukwa chake zida za ku Beira, Quelimane ndi Maputo zimadyeka msanga kuposa za ku Lusaka kapena Lilongwe, komanso chifukwa chake thukuta la m'manja limasiya zidindo za zala pa sowo.

Asanayambe, mmisiri amamasula chida chonse ndi kuika pambali zamtengo ndi zamkuwa. Bawuti yokana kumasuka amaithira palafini kapena dizilo ndi kuisiya usiku wonse. Kuikakamiza ndi sipanala yaikulu ndi njira yachidule yoithyolera mkati. Dzimbiri lochepa limachoka ndi bulashi ya waya ndi sandipepa wonyowetsedwa ndi palafini, ndipo pa sowo sandipepayo amamukulunga pa kathabwa kuti asakumbe malo amodzi.

Dzimbiri lochuluka limafuna kuviika. Viniga wa m'sitolo ali ndi asidi wofooka, pafupifupi magawo asanu pa 100 alionse, yemwe amasungunula dzimbiri m'maola angapo kapena tsiku limodzi. Koma asidiyo sasankha. Dzimbiri likatha amayamba kudya chitsulo chabwino, motero chida choiwalika m'chidebe kwa sabata chimatuluka chotuwa ndi chokhakhala. Chikavuulidwa chiyenera kutsukidwa m'madzi osungunuliramo soda, yemweyu wophikira therere, kuti mphamvu ya asidi ithe. Kenaka chiumitsidwe msanga padzuwa ndi kupakidwa mafuta nthawi yomweyo, chifukwa chitsulo chotsukidwa chonchi chimayamba kufiiranso m'mphindi zochepa.

Njira yachitatu imagwiritsa ntchito magetsi ofooka ndipo ubwino wake ndi woti sidya chitsulo chabwino. M'chidebe chapulasitiki amathiramo madzi ndi soda wochapira, sipuni imodzi yaikulu pa malita anayi alionse. Chida amachilumikiza ku waya wakuda, wa chizindikiro chochotsera, wochokera ku tchaja ya batire ya galimoto ya mavoti 12, ndipo waya wofiira amaulumikiza ku chitsulo china chakutha choviikidwa m'madzi momwemo koma chosakhudzana ndi chidacho. Pakapita maola angapo dzimbiri limafewa, n'kusanduka lakuda, ndipo limachoka ndi bulashi. Kumene kulibe magetsi, sola yaing'ono imagwira ntchito yomweyo dzuwa likamawala. Mawaya akasinthanitsidwa, chida ndicho chimadyeka. Chitsulo chonyezimira chosachita dzimbiri, chonga cha masipuni, sichiyenera kugwiritsidwa ntchito ku waya wofiira chifukwa chimatulutsa poizoni m'madzimo, ndipo chidebe chizikhala panja chifukwa thovu lotulukalo ndi mpweya woyaka.

Cholinga pa zonsezi si kuti chida chiwale ngati chatsopano. Mtundu wakuda womwe chitsulo chakale chimakhala nawo suvulaza kanthu. Malo ofunika kuyera ndi okhawo okhudza thabwa ndi omwe ziwalo zimakumana.

Kunola

Apa ndi pomwe pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe ophunzira ambiri amafulumira. Kukamwa kwa tchizulo kapena kwa mpeni wa puleni ndi malo omwe mbali ziwiri zimakumana: msana wosalala ndi mbali yopendekeka. Ambiri amanola yopendekeka yokha, kuiwala kuti msana ukakhala wokhakhala kapena wozungulira, kukamwako sikungathwe ngakhale atanola tsiku lonse. Pa chida chakale, ntchito yoyamba ndi kugoneka msanawo pa mwala wonolera ndi kuukwecha mpaka masentimita awiri akumapeto atayera mofanana. Ntchitoyi imatopetsa koma imachitika kamodzi kokha pa moyo wa chidacho.

Mwala nawonso uyenera kukhala wosalala. Miyala yakale imakhala itakumbika pakati chifukwa chonolera malo amodzi, ndipo imawongoka poikwecha pa simenti yosalala yothiridwa madzi ndi mchenga wosefa. Wopanda mwala angathe kumata sandipepa pa galasi lochindikala, kuyamba ndi wokhakhala kumalizira ndi wosalala.

Mbali yopendekeka imanoledwa pa madigiri 25 mpaka 30. Palibe chifukwa chogulira chopimira: utali wa mbali yopendekekayo ukakhala kuwirikiza kawiri kuchindikala kwa chitsulo, amenewo ndi madigiri 30, ndipo ukayandikira kuwirikiza kawiri ndi theka, ndi madigiri pafupifupi 25. Matabwa olimba monga mlombwa ndi mbawa amafuna kupendekeka kwa 30 kuti kukamwa kusamabenthuke, pamene paini amadulika bwino ndi 25. Chizindikiro choti kunola kwafika ndi kachitsulo kopyapyala komwe kamapindikira kumsana, komwe chala chimakamva chikamasisita kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Kakapanda kumveka m'lifupi monse, kunola sikunathe. Kakamveka, amakachotsa pogoneka msana pa mwala wosalala ndi kumalizira pa chikopa, ngakhale cha lamba wakale.

Chomwe chimapha matchizulo ambiri m'mashedi a m'tauni ndi makina onolera amagetsi. Mwala wozungulira mwaliwiro umatenthetsa nsonga yopyapyala m'kanthawi kochepa, ndipo ikangosintha mtundu n'kukhala yobiriwira ngati thambo, yafika pa madigiri pafupifupi 300 ndipo kulimba kwake kwatha. Malo amenewo sagwiranso kuthwa mpaka atadyedwa onse. Wogwiritsa ntchito makinawa ayenera kukhudzitsa pang'onopang'ono ndi kuviika m'madzi pafupipafupi.

Puleni ili ndi zake zowonjezera. Pansi pake amapayesa polemba mizere ndi cholembera ndi kukwecha pa sandipepa womatidwa pa galasi, mpeni uli momwemo koma wobwezedwa mkati, kuti thupi likhale lomangika monga limakhalira pa ntchito. Sipafunika kuti ponse payere. Kutsogolo, pozungulira kamwa ndi kumbuyo pakakhala pa mzere umodzi, zakwana. Chitsulo chachiwiri chomwe chimagona pamwamba pa mpeni chiyenera kukhudza mpeniwo popanda mpata ndi kutsalira ndi milimita imodzi kapena kucheperapo kuchokera kukamwa. Mpata ukakhalapo, zopalidwa zimalowamo ndipo puleni imatsamwa, zomwe ambiri amaziyesa kubuntha.

Sowo, mipini ndi chipala

Sowo zakale zimaposa zambiri zatsopano pa chinthu chimodzi: zimanoleka. Zambiri za masiku ano zili ndi mano olimbitsidwa ku fakitale, ooneka akuda kunsonga, omwe tupa singawadye. Zimadula bwino zikadali zatsopano, koma zikabuntha zatha, kupatula kuti chitsulo chake chingadulidwe n'kukhala zopalira. Sowo yakale amaipana pakati pa matabwa awiri, mano okha ali pamtunda. Amayamba ndi kuyendetsa tupa yafulati pamwamba pa mano kuti onse alingane msinkhu, kenaka amanola dzino lililonse ndi tupa ya ngodya zitatu mpaka kadontho kowala ka pansonga katatha. Sowo yong'ambira thabwa m'litali amainola tupa itapingasa molunjika, pamene yodulira mopingasa amaipendeketsa kuti dzino lililonse likhale ngati kampeni. Mano amawapinda pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti njira yodulidwa ikule kuposa kuchindikala kwa sowo. Theka la pamwamba la dzino ndilo lokha lopindidwa. Kupinda kwambiri kumachititsa sowo kuyendayenda ndi kudya thabwa lambiri, ndipo ikamakhotera mbali imodzi nthawi zonse, ndiye kuti mano a mbali imeneyo apindidwa mopitirira.

Mpini wa hamala kapena wa nkhwangwa ya m'sitolo umafuna mtengo wouma bwino, wa mitsempha yowongoka, wopanda mfundo. Mutu ukayamba kugwedera, ambiri amauviika m'madzi kuti mtengo utupe. Zimathandiza tsiku limodzi, koma mtengowo ukauma umafota kuposa kale ndipo mutu ungathe kuuluka. Chofunika ndi kucheka mpata kunsonga kwa mpini ndi kukhomeramo kamtengo kolimba kosongoka. Matchizulo odulira zitsulo omwe mitu yake yaphwanyika n'kutambasuka ngati bowa ayenera kudyedwa m'mbali, chifukwa tizidutswa take timathothoka pomenya ndipo talasa anthu ambiri m'maso.

Chida chikasowa, osula zitsulo amachipanga. Masipuling'i a galimoto ndi matupa akutha ndi chitsulo chabwino chosulira matchizulo, kasemasema ndi mipeni. Chikasulidwa, amachitenthetsa pa makala ndi mvukuto mpaka chitafiira ndi kuleka kugwira maginito, zomwe zimachitika pa madigiri pafupifupi 770, n'kuchiviika m'mafuta. Pamenepo chimakhala cholimba koma chosachedwa kusweka ngati galasi. Kuti chipirire, amachikwecha kuti chiyere, n'kuchitenthetsanso pang'onopang'ono kutali ndi kukamwa, akuyang'ana mitundu ikuyenda pa chitsulo. Mtundu wa udzu wouma ukafika kukamwa, pa madigiri pafupifupi 230, amachiziziritsa. Luso limeneli lili ndi amisiri ambiri a m'midzi ndi m'misika, ndipo n'zodandaulitsa kuti mapologalamu ogawa zida sakonda kuwaganizira, pamene ndalama zogulira tchizulo chimodzi chakunja zingathe kulipira wosula wapafupi kupanga zingapo.

Kukhazikitsa shedi pakhomo

Chida choyamba cha shedi ndi benchi, ndipo imeneyi sigulidwa. Iyenera kukhala yolemera, yosagwedera popala, ndipo msinkhu wake ufike pamfundo ya dzanja la mwini wake ataimirira manja ali pansi, zomwe kwa anthu ambiri ndi masentimita 85 mpaka 90. Vayisi ndi yothandiza koma ntchito ingayambe popanda iyo: kathabwa kokhomedwa kumapeto kwa benchi kamaletsa thabwa kuthawa popala, ndipo timitengo tiwiri tosongoka tokhomedwa moyang'anana timagwira thabwa loimika. Zopanira matabwa pomata ndi guluu n'zokwera mtengo ndipo sizikwana, koma malegeni odulidwa ku chubu cha njinga kapena cha galimoto amamanga mwamphamvu zinthu zambiri zing'onozing'ono.

Kalipentala woyamba kumene safuna zida zambiri. Tepi, sikweya, sowo imodzi, puleni nambala 5 kapena 4, matchizulo atatu a mamilimita 6, 12 ndi 25, hamala, choboolera chopukusa ndi manja, mwala wonolera ndi tupa zimakwana kupanga zitseko, mafelemu, matebulo ndi mipando. Nyundo yamtengo yomenyera tchizulo ndi cholembera mizere amazipanga yekha. Zina zigulidwe pamene ntchito yazifuna, osati chifukwa zapezeka zotsika mtengo. Sikweya yakale iyenera kuyesedwa isanakhulupiriridwe: amaigunditsa m'mphepete mowongoka mwa thabwa, kulemba mzere, kuitembenuza ndi kulembanso pomwepo. Mizere iwiriyo ikasiyana, sikweyayo ndi yabodza ndipo chilichonse chopangidwa nayo chidzapendama.

Amakaniko ali ndi msampha wawo. Masipanala ambiri akale ndi a muyezo wa mainchesi, ena a mtundu wa Whitworth womwe udayamba ku Britain mu 1841, pamene magalimoto a ku Japan ndi a ku Ulaya omwe adzaza m'misewu ya chigawo chino ali ndi mabawuti a mamilimita. Sipanala ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndipo ya mamilimita 13 imaoneka ngati yalowa pa bawuti yake, koma ikakokedwa mwamphamvu imadya ngodya za mutu. Bokosi la masipanala olimba a muyezo wolakwika lilibe phindu kwa wokonza minibasi, ngakhale lingathandize wokonza mathirakitala, zigayo ndi ma Land Rover akale.

Shedi ikhale ndi kuwala kochokera m'mbali, pakhomo kapena pawindo, chifukwa kuwala kotero ndiko kumaonetsa mabampu pa thabwa. Denga la malata limadontha mame m'miyezi yozizira, ndipo simenti imatulutsa chinyontho m'nyengo ya dzinja, motero zida zizikhala m'bokosi lamatabwa lokwezedwa pansi, zitapukutidwa ndi kansalu ka mafuta pomaliza ntchito. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ambiri amapaka, amatetezadi dzimbiri koma ali ndi zinthu zovulaza khungu ndipo amadetsa matabwa. Mafuta a makina osokera kapena phula la kandulo ndi zabwino kuposa iyeyo. Matabwa nawo asagone pansi, chifukwa chiswe sichichedwa.

Magetsi

Chiyeso chogula makina amagetsi msanga n'chachikulu, ndipo makinawo amafulumizitsadi ntchito. Koma kalembera wa mu 2018 ku Malawi adapeza kuti banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi 10 ndilo linkaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale kumene mawaya adafika, magetsiwo sadalirika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko la Malawi lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chidaphwetsa nyanja ya Kariba mpaka madera ambiri a ku Zambia ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi, ndipo Zimbabwe nayo idavutika. M'miyezi imeneyo mmisiri wodziwa kung'amba ndi kupala thabwa pamanja ankagwirabe ntchito pamene anzake ankadikira usiku kuti magetsi ayake.

Makina akale amagetsi amafuna kusamala kwina. Mayiko a chigawo chino amagwiritsa ntchito mavoti 220 mpaka 240, pamene makina ochokera ku America ndi a mavoti 110 mpaka 120 ndipo amapsa akangolumikizidwa. Kachitsulo kolembedwa pa makinawo kayenera kuwerengedwa ndalama zisanaperekedwe. Mapulagi nawo amasiyana: Malawi amagwiritsa ntchito a mano atatu a ngodya ngati a ku Britain, South Africa a mano atatu obulungira, ndipo ku Mozambique kumapezeka kwambiri a mano awiri. Kudula pulagi ndi kulowetsa mawaya osavala m'soketi, monga zimaonekera m'mashedi ambiri, kumachotsa waya woteteza munthu ku shoko, zomwe n'zoopsa kwambiri pa makina akale a thupi lachitsulo. Makina olira mwachilendo kapena othetheka moto mkati nthawi zambiri amangofuna timakala tatsopano ta mu mota kapena mabering'i, zomwe n'zotsika mtengo. A batire ndi nkhani ina: batire yake ikafa ndipo mtundu wake udaleka kupangidwa, makinawo atha. Wogula jenereta akumbukire kuti mota imakoka mphamvu yowirikiza kangapo pamene ikuyamba kuzungulira kuposa yomwe idalembedwa.

Chopukusira cha m'manja chodulira zitsulo chimavulaza anthu kawirikawiri, makamaka chikachotsedwa chotchinga chake kuti chilandire mwala waukulu. Mwala uliwonse uli ndi malire a liwiro olembedwa pamwamba pake, ndipo yambiri ili ndi chaka chothera ntchito chodindidwa pa kachitsulo ka pakati. Mwala wakale, wonyowa kapena wong'aluka umaphulika ukuzungulira. Magalasi oteteza maso ndi otsika mtengo kuposa chida china chilichonse m'shedi.

Chilonda chochekedwa ndi chitsulo chakale chimaopedwa chifukwa cha kafumbata. Matendawa sachokera m'dzimbiri lenilenilo koma m'tizilombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe, tomwe timabisala pa zitsulo zogona pansi ndi kukula bwino m'zilonda zakuya. Katemera wake amapezeka m'zipatala za boma, ndipo wogwira zitsulo zakutha tsiku ndi tsiku ayenera kufunsa achipatala ngati wake akadali ndi mphamvu. Utoto wa pa makina akale ungathe kukhala ndi mtovu, choncho usapalidwe wouma m'chipinda chotseka kapena pomwe ana amasewera.

Moto ndi malamulo

Utuchi, zopalidwa, vanishi ndi thonje la mipando zikakhala malo amodzi ndi mawaya olumikizidwa mwachisawawa, moto suchedwa. Msika waukulu wa opanga mipando wa Glen View ku Harare wapsapo kangapo, amisiri n'kutaya zida ndi katundu usiku umodzi. M'shedi ya pakhomo, yomwe nthawi zambiri imagundana ndi nyumba yogona, zopalidwa ziyenera kusesedwa tsiku lililonse ndipo zowotcherera zichitikire kutali ndi matabwa. Nsalu zopukutira mafuta a linseed, omwe ena amapaka pa mipini, zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa, motero ziyanikidwe zotambasula panja. Makhonsolo a mizinda ali ndi malamulo okhudza bizinesi ndi phokoso m'malo okhala anthu, ndipo ndi bwino kuwafunsa makina asanagulidwe.

Pali lamulo linanso lomwe amisiri ambiri sanalimve. Mu 2019 mtengo wa mukula udaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zachilengedwe zomwe zili pachiopsezo, ndipo pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 mayiko adawonjezerapo mitengo ya ku Africa ya m'gulu la mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Izi sizikuletsa kalipentala kupanga tebulo la mlombwa ndi kuligulitsa m'dziko lake, koma matabwa a mitengoyi owoloka malire amafuna chilolezo, kuwonjezera pa zikalata za nthambi ya zankhalango zomwe dziko lililonse limafuna podula ndi ponyamula mitengo yachilengedwe. Mitengo yolimbayi ikusowa ndipo ikukwera mtengo, kotero amisiri ambiri asamukira ku paini ndi bulugamu, komanso ku matabwa ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku zitseko zakale ndi mapaleti. Matabwa otere amabisa misomali ndi mchenga, ndipo msomali umodzi umabenthula mpeni womwe watenga ola lathunthu kunola. Asanawapale, amisiri amawatsuka ndi bulashi ya waya ndi kuyendetsapo maginito ochotsedwa ku sipika yakale ya wailesi.